Mkamwini ndi Ketulo ya Likhweru

Lolemba

Uthenga wafika. Amalume akubwera Lamulungu likudzali kuchokera kwathu kwa Kuntumanji, kudzandipemphera chitengwa. Akufuna andilole kutenga mkazi wanga ndi mwana, tichoke pano pa apongozi, tikakhale kwathu. Kwathu kuli munda wanga, kuli mango anga, kuli amayi amene akukalamba ine ndili kutali.

Zaka zonsezi ndili pachikamwini kuno kwa Mwambo. Nyumba ndinamanga ndine, koma ndi ya mkazi. Mpunga ndimalima nawo, koma nkhokwe ndi ya apongozi. Ngakhale galu wa pakhomo pano amandiyang'ana ngati munthu wongodutsa. Zanga zenizeni ndi zimene ndinabwera nazo ku Joni: jasi, pulayimasi, ndi chipsera cha pamwendo.

Ndiye Lamulungu ndiyenera kuoneka munthu. Ankhoswe akadzakhala pamphasa adzaone okha kuti uyu akhoza kusunga khomo lakelake. Ndasinkhasinkha, ndipo yankho ndi limodzi: tiyi.

Osati tiyi wathu wa masiku onse, wophika mumphika umene dzulo munali matemba. Tiyi woti ukamwa umafuna kulavula minga. Ayi.

Ku Joni, kukhitchini kwa kapitawo wathu wa pamgodi, ndinaona ketulo yoimba likhweru. Madzi akawira, yokha imaitana mwini wake. Palibe kuvundukula, palibe kuilondera. Munthu umangokhala pampando, mwendo pa unzake, ketulo n'kukuitana mwaulemu ngati bwana. Kuno kunyanja palibe anaionapo, ngakhale aphunzitsi.

Zofunika pa ketulo yabwino:
- matako ochindikala, osapsa msanga
- chogwirira chosaotcha dzanja
- mlomo wosadontha pa thalauza la mlendo
- mimba yokwana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo obwera osaitanidwa
- mawu. Makamaka mawu.

Amake Esinati akumvetsera, uku akupeta mpunga. Sakuleka n'kupeta komwe. "Ketuloyo ndiye idzafolere nkhokwe ya amayi?" Akuti amayi awo anenanso za nkhokwe ija. Denga lake lili pansi chiyambire mwezi watha, likudikira mkamwini.

Ine ndi apongozi sitiyankhulana, monga mwa mwambo. Tikakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire, kawirikawiri ine, kawirikawiri pali chitedze. Sanganditchule dzina, sangandiitane, ndipo ine sindingaponde pabwalo pawo iwo alipo, kunena za khitchini ndiye ayi. Akafuna ntchito amatuma mwana wawo, mwana wawo n'kuyamba kundifunafuna. Uthenga ukamafika pakhomo, ine ndili kubawo. Ukamafika kubawo, ndili kudoko. Anzanga amadandaula kuti ulemu wa apongozi ndi wolemetsa. Ine wandinenepetsa.

Madzulo. Kudoko la Kachulu, mutiyirumu ya Che Bwanali, kukafunsa nzeru. Safunsa anadya phula. Ketulo yawo ndi yakuda bii, yaikulu ngati mwana wa mbuzi, ndipo akuti inaona nyanja ikuuma n'kuionanso ikudzaza.

"Muigogode kunsi ndi chala, achimwene. Ikalira ngati chitini, isiyeni. Ikayankha ngati dzungu lokhwima, tengani."

Ndawafotokozera za likhweru. Andiyang'ana, akupukuta kapu. "Ketulo yokhala ndi pakamwa? Pakhomo panu pakamwa pachepa?"

Nsanje chabe.

Lachiwiri

Ulendo wa ku Zomba, pa lole ya nsomba. Ndakhala pamwamba pa madengu a matemba, jasi pathupi, khadi la chipani m'thumba la pamtima. Pachipata cha msika anyamata a chipani aja alifunsa polowa, alifunsanso potuluka, ngati kuti khadi limasasa munthu akuyang'ana tomato.

Maketulo amene ndaona:
- yoyera ya maluwa ofiira, yokongola ngati mkwatibwi. Ndaifunsa mawu, ilibe. Ndaisiya.
- ya aluminiyamu, yopepuka moti mwera ukhoza kuiulutsira ku chilumba cha Chisi, madzi ali momwemo.
- ya mkulu wosula zitini mumsika. Sinapangidwe n'komwe. Akuti andipangira ya chitini cha mafuta, pamlomo n'kumangirirapo wezulo wa mpira. Ndathokoza, ndadutsa.

Dzuwa lili pamutu, miyendo yatopa, ndiye ndikuiona. M'sitolo ya Mmwenye, pashelefu ya pamwamba, pakati pa nyale ndi maambulera. Ayitsitsa, ayipukuta fumbi. Ikunyezimira moti ndikudziona nkhope, mphuno yotambalala kuchokera khutu ili kufika khutu ilo. Pamlomo pake pali kachipewa kakuda, kokhala ndi kabowo. Mawu amatulukira pamenepo.

Ndaigogoda kunsi. Dzungu lokhwima!

Koma mawuwo ndiwamva bwanji? Mwini sitolo akukana kuwiritsa madzi, akuti pano si hotela. Ndachotsa chivundikiro, ndalowetsa pakamwa, ndauzira ndi mphamvu zonse. Kwatuluka kamawu ngati mwanapiye wachimfine. Amayi awiri amene amasankha nsalu atuluka osagula.

Mwini sitolo akuikulunga m'nyuzipepala, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bambo, mverani. Ikayamba kulira, thamangani. Mukaisiya, madzi aphwa, kunsi kupsa, kachipewa kasungunuka. Kachipewa kena kulibe, ngakhale ku Blantyre."

Ndawauza kuti akuyankhula ndi munthu wa ku Joni.

Mtengo wake sindilemba, amake Esinati amadziwa kuwerenga. Ndingonena kuti jasi latsala ku Zomba, kwa telala wa pakhonde la sitolo, ndipo silibweranso. Mpunga sindikanagulitsa, si wanga. Ndabwerera ndi malaya okha, pamwamba pa lole, mwezi uno wa chisanu, ketulo pamiyendo ngati khanda. Mano akugundana njira yonse. Palibe kanthu. Munthu wokhala ndi tiyi jasi alifuniranji?

Kunyumba amake Esinati aitembenuza uku ndi uku, adziyang'anira pamenepo, akonza duku. Kenaka: "Jasi lili kuti?"

Ndati lili kwa telala.

"Linang'ambika pati?"

Ndapita kukaona mbuzi.

Lachitatu

Tsiku loyesa. Pulayimasi ndaitulutsa pakhonde kuti odutsa aone. Madzi a pamjigo, osati a pachitsime chathu chamchere chija. Ndapopa, moto wabwera wabuluu, ukusokosa ngati ku Joni komwe.

Koyamba ndadzaza mpaka pakhosi. M'malo moimba, yalavula. Moto wazima, pakhonde pali matope.

Kachiwiri madzi theka. Ndikudikira. Yayamba ngati udzudzu wa kutali. Ikukwera, ikukwera, kenaka likhweru lakuthwa loboola makutu! Agalu auwa, nkhuku zabalalika, akakowa adzambatuka kudambo. Esinati wabisala kumbuyo kwa mtondo. Ine ndaimirira, chifuwa patsogolo, ndipo ndaisiya ilire pang'ono ndithu kuti apongozi amve.

Amva. Wamvanso mudzi wonse.

Anthu akubwera chothamanga, makhadi m'manja. Amayi ena akumangira nsalu ya chipani ali paliwiro. Mkulu wina sopo akadali m'mutu. Ndinaiwala kuti kuno likhweru lotere limatanthauza chinthu chimodzi: anyamata a chipani akuitana msonkhano, ndipo wofika mochedwa amafunsidwa mafunso ovuta. Onse akhala pansi pabwalo langa, mwadongosolo, amayi uku abambo uku. Akuyang'ana ine. Ine ndikuyang'ana ketulo.

A tcheyamani a chipani afika omaliza, akumanga lamba. "Waitana msonkhano ndani, ine osadziwa?"

Ndaloza.

Aizungulira. Aiweramira. Aigwira kachipewa, aotchedwa, abisa chala m'thumba. "Ili ndi khadi?"

Zii. Aliyense akudikira kuona ngati ndi nthabwala. Iwo ayamba kuseka, ndiye tonse taseka, ine koposa onse.

Amwa kapu, amwanso ina, shuga wa ankhoswe akutsika ndikuona. Kenaka aimirira. Akuti popeza anthu asonkhana kale, si bwino kuwabweza chabe: onse akalambule msewu wa kudoko. Asanabalalike apereka lamulo kuti zisadzachitikenso. "Likhweru loduladula ndi la chipani, wothamanga ndi aliyense. Lalitali losapuma ndi la ketulo, wothamanga ndi mwini wake yekha. Mwamva?"

Tamva. Apongozi akhala kumbuyo kwenikweni, nsalu kumutu, nkhope kumbali kuti tisaonane. Ndangoona mutu wawo ukugwedera pang'onopang'ono. Ndikuganiza kuti ketulo yawasangalatsa.

Mudzi wonse walambula msewu mpaka dzuwa kupendeka, mpunga wawo ukudikira wopuntha. Ine a tcheyamani andisiya pakhomo, akuti ndiziwiritsa madzi ena. Pobwerera anthu adutsa pakhomo panga, makasu paphewa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wandipatsa moni. Chinthu chatsopano chimayamba chadedwa.

Lachinayi

Palafini watha. A tcheyamani anabweranso mamawa, akuti kudzaona ngati ketulo ikutsata malamulo, ndipo anabwera ndi mlembi wawo kuti akhale mboni. Kugolosale palafini kulibe. Akuti mwina sabata yamawa, mwinanso inayo.

Ndalangiza amake Esinati momveka bwino: ketulo iyi si ya pamafuwa. Ikhale pakhoma mpaka Lamulungu. Avomera ndi mutu, akuyang'ana kwina.

Kubawo, pansi pa mango a kumapeto kwa mudzi. Anzanga akadali okwiya ndi za msewu zija, koma bawo silisunga mangawa. Ndikupambana. Nkhomo zili m'manja, ndikufesa bwinobwino, mdani wanga akukanda m'mutu.

Likhweru. Lalitali, losapuma.

Mawu a mwini sitolo abwera okha m'makutu: madzi aphwa, kunsi kupsa, kachipewa kasungunuka. Nkhomo ndataya. Ndalumpha mizere ya mbatata, ndalumpha mphasa ya mpunga wa eni ake, ndalumpha mwana wa mbuzi. Patapata imodzi yatsala panjira. Chiyambire tsiku limene mwala unagumuka mumgodi sindinathamangepo chonchi.

Ndafika. Ketulo yanga ili pamafuwa, pamoto wa zitsononkho ndi mapesi, yada kale mpaka pakhosi. Amake Esinati akhala pambali pake penipeni, akusankha nyemba.

Ndaiphula, chala chapsa. Ndawafunsa chifukwa chake sanaiphule okha, dzanja lili pomwepo.

"A tcheyamani anati wothamanga ndi mwini wake."

Ndikufuna kuyankha, mpweya kulibe. Iwo ndiye apeza mpata. "Popeza mwafika, bambo a Esinati, amayi akuti nkhokwe ija."

Ndinganene kuti sindinamve? Ndaima patsogolo pawo, ndikupuma wefuwefu. Kuseri kwa mpanda wina watsokomola, chifuwa chimene ndimachidziwa bwino.

Ndakweza denga, ndafolera, ndamanga ndi luzi. Udzu m'mutu, udzu m'malaya. Ntchito imene ndakhala ndikuizemba mwezi wathunthu yatha dzuwa lisanalowe, ndipo zimenezi sizinandikondweretse, chifukwa anthu aona. Potsika tiyi ndampeza wazizira, ntchentche ikusambira.

Madzulo ndikukwecha ketulo ndi phulusa ndi mchenga. Nkhope yanga siikuonekanso, chikungooneka chithunzithunzi cha munthu wotopa. Za lerozi zangochitika mwangozi. Sizingachitike kawiri.

Lachisanu

Apongozi abwereka ketulo.

Uthenga wadzera mwa mwana wawo: akufuna madzi otentha othowera msana. Pamudzi sukaniza munthu chiwiya, makamaka apongozi, makamakanso ankhoswe akubwera mkucha. Ndapereka ndi manja awiri, pamodzi ndi malangizo: madzi theka, moto wochepa, ikalira aphule msanga. Ketulo yafika. Malangizo aoneka kuti agwera panjira.

Ndili kuchimbudzi, ikulira.

Ndatuluka thalauza lili m'manja. Liwiro mpaka pa mtengo wa papaya, pamene pamathera malire anga. Apa ndaima njii. Kulowa sindingalowe. Kuitana sindingaitane. Amake Esinati ali kumjigo. Ketulo ikukuwa m'khitchini ngati mbuzi yokodwa, ine ndikupondaponda pamodzimodzi ngati ndaima pa linthumbu.

Apongozi akhala pakhonde, andifulatira, akuwazira nkhuku madeya. Sakufulumira. Ayamba kuyankhula ndi nkhukuzo.

"Nkhuku inu, ine manja anga ndi okalamba. Mitolo ya mpunga yatsala kumunda ija ikanapeza woisenza, mwina mphamvu zophulira ketulo zikanabwera."

Likhweru likukwera. Ndikuona kachipewa kakusungunuka m'maganizo. Ndayang'ana tambala wofiira amene waima pafupi nane.

"Atambala, auzeni kuti mitolo ibwera lero."

Ketulo yatonthola nthawi yomweyo. Manja okalamba aja!

Zaka zonsezi, aka n'koyamba ine ndi apongozi kukambirana nkhani n'kumvana. Nkhoswe wake tambala.

Za lero:
- likhweru loyamba: mitolo ya mpunga, kumunda mpaka pakhomo, pamutu
- lachiwiri: khola la mbuzi, limene mbuzi zakhala zikutulukira pakhoma chiyambire dzinja
- lachitatu: bango la mpanda, kukadula kunyanja, matope mpaka m'maondo, misundu iwiri pamwendo
- lachinayi: ntchito palibe. Amangofuna kuona ngati ndibwera. Ndabwera.

Msana wothowedwa uja sindinauone ukuthowedwa. Madzi akungowira, kuzizira, n'kuterekedwanso.

Chakumadzulo ndathawira kudoko, Che Bwanali atabwerako kumzikiti. Ndimati ndiwafotokozere, koma adziwa kale. Asodzi amva ali m'mabwato. Dziko lathu lino ndi lathyathyathya, lilibe kaphiri kobisa mawu, ndipo akuti anyamata a padoko ayamba kupikisana polosera ntchito imene ndikuthamangira.

"Ndinanena ine, achimwene. Inu mwagula ketulo, amayi aja agula mkamwini. Ndipo iwo sanataye jasi."

Andithirira tiyi wa m'ketulo yawo yakuda, yosalankhula ija. Wotentha, wamkaka, wokoma. Zandipweteka kwambiri kuti ndi wokoma.

Loweruka

Mwamuna ndi nzeru.

M'mawa amake Esinati atsuka ziwiya za nyumba zonse ziwiri, aziyanika pathandala. Ketulo ili pomwepo, chafufumimba. Ndadutsa ngati ndikufuna chikho, ndazula kachipewa, ndaponya m'thumba. Ketulo yopanda kachipewa ndi mphika wamba. Tione tsopano amene aitane mnzake.

Kubawo. Bata! Mbalame zikuimba, mphepo ikugwedeza masamba, asodzi akukonza maukonde chapatali. Masewera oyamba ndapambana. Moyo wanga wakale wabwerera, ndipo ndaulandira ngati m'bale wochokera kundende.

Kenaka ndaona utsi kukhitchini kwa apongozi.

Mwina ndi nyemba. Mwinanso ndi ketulo, ili pamoto, madzi akuphwa, ikufuna kulira koma pakamwa pake pali m'thumba mwanga. Ikhoza kupsa kunsi ine ndili pano, osamva kanthu. Jasi langa lonse lija kupsera pamafuwa mwakachetechete, mawa ankhoswe n'kumwa tiyi wa matemba.

Ndafesa molakwika. Andidya nkhomo zonse za kutsogolo.

Ndangoti ndikasuzumire pang'ono, kuchokera pa papaya. Ndasuzumira: nyemba. Ndikutembenuka chonyang'ama, koma chithunzithunzi changa chagwera pabwalo.

"Nkhuku inu, mpanda wa bafa wagwa."

Ndaudzutsa. Ndabwerera kubawo. Ndisanakhale bwino, utsi wina. Ndapita: akuotcha zinyalala. Nkhuku zauzidwa za denga la khitchini. Ndabwerera. Utsi. Ndapita: mbatata. Nkhuku zauzidwa za dzenje la zinyalala. Anzanga a bawo aika munthu wina pamalo panga, akuti sangasewere ndi munthu amene matako ake sakhudza pansi.

Ndazindikira mochedwa. Yoimba ija inali ndi chisoni, imadikira madzi awire. Yosalankhula imaitana nthawi zonse.

Dzuwa litapendeka ndaika kachipewa pansi pa papaya, ndaitana tambala uja. "Atambala, ndatola ichi panjira."

Kuchokera pakhonde: "Nkhuku inu, thokozani anthu okhulupirika."

Madzulo. Manja ali matuza okhaokha, msana sukuwongoka. Amake Esinati akuphika chigumu cha alendo, akuimba nyimbo ya kwaya. Andipaka mafuta m'manja osawapempha. "Amayi akukuyamikirani kwambiri sabata ino."

Apo ndiye mtima wakhala pansi. Ndayang'ana pabwalo: nkhokwe yafoleredwa, khola lili chilili, mpanda watsopano, mpunga wonse uli pakhomo. Pakuoneka ngati tikuyembekezera alendo a boma. Kunena zoona, ndanyadira pang'ono. Munthu wogwira ntchito chonchi angamukanize ndani? Mawa andimasula ndi mtima woyera. Mwina ketuloyi yandithandiza m'njira imene sindinaiganizire.

Ndayamba kuona m'maganizo katundu amene tidzanyamule. Si wambiri.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi amalume afika panjinga, nkhuku yomangidwa pakaliyala, khasu latsopano pambali, zopepesera eni mbumba. Mphasa zayalidwa pamthunzi, pakhomo pathu. Mbali ya kuchikazi akuyankhulira a Namakhwa, amalume awo a amake Esinati. Apongozi akhala m'nyumba, kuseri kwa chitseko, kumene amamva zonse osaoneka. Ine kumapeto kwa mphasa, maso pansi, chifukwa nkhani yanga siiyankhulidwa ndi ine.

Ketulo ndaibwereka kwa apongozi. Ketulo yanga. Yakuda, mbali imodzi yophwanyika pang'ono, chogwirira chomangidwa ndi nsanza. Amake Esinati aitereka kukhitchini kwathu.

Malonje ali mkati, yalira. Sindinaganize. Miyendo yanyamuka yokha, ndalumpha ndodo ya a Namakhwa, ndipo ndisanazindikire ndili kukhitchini. Pobwerera ndi tiyi ndapeza amalume ali kukamwa yasa. "Mwana iwe, unayamba liti kuthamanga?"

A Namakhwa ayang'ana kuchitseko. Kuchitseko kwatsokomola.

Tiyi wathiridwa, chigumu chadulidwa. Mlomo wa ketulo sunadonthe, ndilembe zimenezo. Amalume apempha bwino kwambiri, mofatsa, mawu onse m'malo mwake: mwana wakhalitsa, munda kwawo wagonera, amake akalamba.

A Namakhwa auzira tiyi, apsontha, aika kapu pansi.

"Tinene zoona, poti takhala pachibale. Mwezi watha mlongo wangayu anandiuza kuti eni ake akadzabwera ndisadzachedwe kuvomera, tidzamuperekeza ndi ufa wa panjira. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma uyu anali mlamba wopaka mafuta. Kumufuna m'mawa, kumupeza pa chakudya chamadzulo."

Akweza dzanja, aloza nkhokwe. Aloza khola. Aloza mpanda.

"Koma sabata ino taona kuti miyendo ali nayo, makutu ali nawo, manja ndiye osanena. Chimasowa chinali choitanira. Mkamwini wotere satayidwa. Mudzabwerenso tikakolola chaka chamawa, tidzaone."

Ndayang'ana amalume kuti amenye nkhondo. Iwo afufuma ngati chule, akumwetulira mpaka m'makutu. "Kwathu sitibereka aulesi." Basi, nkhondo yonse ndi imeneyo.

Nkhuku alandira. Khasu alandira, n'kundipatsa ine.

Powaperekeza amalume akukankha njinga, akundiyamikira njira yonse. Akuti ndawachotsa manyazi. Pafupi ndi msewu atsitsa mawu: ketulo yotere imapezeka sitolo iti? Kwathu kuli akamwini awiri ovuta. Ndawauza kuti inalipo imodzi yokha, ndipo ina kulibe ngakhale ku Blantyre. Anthu awiri aja sadzadziwa chimene ndawachitira.

Atakwera kale njinga ndi pamene akumbukira. Akuti amayi anasesa kale pamalo pomanga nyumba yanga, pafupi ndi mango aja, ndipo mangowo achita maluwa ambiri chaka chino. Afunsa kuti akawauze chiyani. Ndati akawauze kuti chaka chamawa, ndipo asamasese tsiku lililonse, msana ungawapweteke. Ndaima pamsewu umene mudzi unalambula chifukwa cha ine, mpaka njinga yazimiririka m'fumbi. Zandiwawa. Ndikanangokhala pa bawo sabata yonseyi, bwenzi pano ndikumanga mitolo.

Kunyumba amake Esinati akutsuka makapu, ndipo nkhope yawo si ya munthu wolira. Andiona, aumitsa manja, andibweretsera chigumu chimene anandibisira.

"Musadandaule, bambo a Esinati, chaka si kanthu. Komanso ine chikwatiwire ndinali ndisanakuonenipo mukuthamangira kunyumba."

Ndadya chigumu.

Ketulo yabwerera kwa apongozi. Akuti izikhala komweko, kuli nkhuni zambiri. Pulayimasi ndaibweza m'bokosi. Tiyi wamadzulo ano waphikidwa mumphika uja, ndipo ndalavula kamunga kamodzi.

Wofuna ketulo yabwino aigogode kunsi, aone chogwirira, aone mlomo, zonsezo n'zoona. Koma asanafunse za mawu, ayambe wadzifunsa kuti pakhomopo woitana ndani, woitanidwa ndani. Ya maluwa ofiira ija inali yabwino ndithu.

Mwera wayamba kuwomba kuchokera kunyanja, ndipo ndili ndi malaya okha. Kwa apongozi kukufuka utsi. Yayamba ngati udzudzu. Patapata zili pafupi, ndaziika poyang'ana kukhomo. Jasi ndilibe, koma ndaona kuti liwiro limafunditsa.